Matenda a chiwindi ndi kuiwalaiwala, zikugwirizana?

Mwana wachisamba: Abale, bambo anga anawapeza ndi cirrhosis (matenda owononga chiwindi), amacheza bwinobwino koma pano akumagona masana usiku ali maso, chenji pa golosale akumasokoneza. Nchiwindi chomwechi kapena ukalamba?

Namwino: Chikhoza kukhala chiwindicho achimwene. Chikafooka, poizoni wotchedwa ammonia wochokera mmatumbo amakafika ku ubongo ndiye zimayamba mobisika choncho. Kuchipatala amatha kuwauza atchule nyama zosiyanasiyana mu mphindi imodzi, akapanda kufika 15 amafufuza mozama. Apite akayezedwe.

Mlongo wanu: Galimoto asiye kaye chonde, pamsewu maganizo amachedwa.

Namwino: Eya. Akamadzimbidwanso auzeni adokotala msanga, nthawi zambiri amapereka mankhwala otchedwa lactulose kuti azichita chimbudzi chofewa ka 2 kapena ka 3 patsiku. Mowa ayi ndithu.