Thandizeni: mlamu akuti ndikamulandirire matumba a shaki pa Marka

Wa geni ku Bangula: Abale anga, tulo sindikupeza. Ndimagulitsa bakayawo ndi mlamba wowamba pamsika. Chichokereni madzi a Freddy mu 2023, omwe anandikokolera nyumba ndi mbuzi zinayi, mpamba sunabwerere, ku banki m'khonde ndili ndi ngongole. Tsopano mlamu wanga wa ku Beira, yemwe uja sanabwere ngakhale pamaliro a mayi ake, akuti ali ndi matumba awiri a shaki wouma. Ndikawalandire pa Marka, pamalire ndi Mozambique, ndikapereke kwa munthu wina ku Blantyre, andipatsa yanga. Mayi akunyumba sakundiyankhula poti ndikukayikira achimwene awo. Kodi ndingamangidwe?

Mkulu wa ku Chiromo: Achimwene, mantha achabe! Malawi alibe nyanja yamchere, ndiye lamulo la shaki lichokera kuti? Nsomba ndi nsomba. Lipirani msonkho pachipata basi.

Mphunzitsi ku Nchalo: Akulu, musamusokeretse mnzathu. Malawi ndi Mozambique onse ali mu mgwirizano wa CITES, wa mayiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yoti zingathe. Pamsonkhano wa ku Panama mu 2022 anaika mitundu yambiri ya shaki pamndandanda wachiwiri, kuphatikizapo shaki amene amakwera mtsinje wa Zambezi. Malonda ake sanatsekedwe, koma katundu sadutsa malire popanda chilolezo cha dziko limene akuchokera. Bambo, m'matumbamo muli nyama kapena zipsepse? Mlamuyo ali ndi pepala?

Mkulu wa ku Chiromo: Panama! Aphunzitsi, a ku Panama anafikako ku Elephant Marsh? Makakana atha chifukwa cha neti za udzudzu, anthu akukokola ndi tiana tomwe. Ine mng'ono wanga ng'ona inamudula mwendo akuvuula ukonde, palibe anachita msonkhano. Lero tizilirira nsomba ya ku Beira?

Mayi a ku Tengani: Ine ndinanyamulirapo munthu thumba lomangamanga, akuti ndi usipa. Pa rodibuloko atamasula munali mankhwala a m'chipatala. Ndinagona masiku atatu pasimenti, mwana ali kumsana, mwini thumba foni atazimitsa. Mpaka lero chiuno chimandiwawa.

Mnyamata wa kabaza: Bwanji mlamuyo osangotumiza nkhanu, tidyere nsima?

Mlongo wanu ku Ngabu: Inunso bambo, nkhani za m'banja mwanu mukuziyanika pagulu chifukwa chiyani? Mayiwo akawerenga?

Mkulu wa ku Chiromo: Zoona mayi. Ndipo ndibwereze: aletse kaye neti za udzudzu. Kale pa Chiromo bwato limabwera lodzaza, lero beseni limodzi silikwana.

Mphunzitsi ku Nchalo: Za netizo sindikutsutsa, koma funso si limenelo. Zipsepse zouma zimathera ku Hong Kong, anthu amaphikira supu yodula, n'chifukwa chake asodzi ena amangodula zipsepse n'kutaya shaki m'madzi ali moyo. Ndikudabwa kuti katundu achoke ku Beira, komwe kuli doko, adzere kuno kumtunda. Za CITES kwathu kuno zili m'manja mwa nthambi yoona za nyama zakutchire, ndipo kuyambira 2017 milandu ya nyama zotetezedwa kwambiri ngati ngaka chilango chimafika zaka 30. Kafunseni kumeneko musanagwire thumba, mlamu ajambule chilolezo akutumizireni pa WhatsApp.

Mkulu wa ku Chiromo: Ngaka ndi nsomba tsopano?

Wa geni ku Bangula: Zikomo nonse. Mayi akunyumba lero andiphikira, koma sakuyankhulabe. Mlamu waimbanso, akuti matumba afika Lachinayi, ndipo ndisawamasule.

Mphunzitsi ku Nchalo: Bambo, ndikufunsa kachiwiri. Nyama kapena zipsepse?