Kusonkhanitsa ma element otsatizana mu XSLT

Mlembi wa kalabu, Linthipe:
Ndikusandutsa malipoti a kalabu yathu ya alimi a mbatata ya kachewere kuchoka ku XML kupita ku HTML pogwiritsa ntchito XSLT, chilankhulo cha kompyuta chosandutsira mafayilo a XML. M'fayilo muli ma element otchedwa mfundo amene amabwera mondondozana, kenako pamabwera element yotchedwa mutu, mfundo n'kuyambiranso. Ndikufuna kuti gulu lililonse londondozana lilowe mu ul imodzi (mndandanda wa mu HTML), koma following-sibling::mfundo ikutolera mfundo zonse mpaka kumapeto, osaima pa mutu. Ndimagwiritsa ntchito xsltproc, pulogalamu yoyendetsa XSLT. Chonde ndithandizeni.

Mphunzitsi wa kompyuta, Ntcheu:
Bambo, vuto lagona pa dongosolo la zimene mwalemba. Mukalemba following-sibling::mfundo[1], mukupempha mfundo yoyamba kutsogoloko, ngakhale patakhala mitu khumi pakati. Koma following-sibling::*[1][self::mfundo] imayamba yatenga element yoyandikana nayo, kenako n'kufunsa ngati ndi mfundo. Popeza xsltproc imadziwa XSLT 1.0 yokha, ya mu 1999, lembani template (lamulo la mu XSLT) yogwira mfundo imene ikutsegula gulu, ndiye kuti mfundo[not(preceding-sibling::*[1][self::mfundo])]. Template imeneyi itsegule ul, ndipo itumize mfundoyo ku mode ina (gulu lina la ma template) imene imalemba li, ndiye kuti chinthu chimodzi cha mu mndandanda, n'kuitana mfundo yotsatira mwa njira yomwe ija, kufikira itakumana ndi mutu. Musaiwale template yopanda kanthu ya mfundo zotsalazo, apo ayi zituluka kawiri.

Mayi wa ku Lizulu:
Njira ya aphunzitsi ndi yolondola, koma ine sindingavutike nayo lero. Kuyambira XSLT 2.0, ya mu 2007, pali xsl:for-each-group yokhala ndi group-adjacent, imene inapangidwira ntchito imeneyi ndithu. Mukaika group-adjacent="boolean(self::mfundo)", magulu amadzidula okha pamene mtundu wa element wasintha, ndipo current-group() imakupatsani gululo; mukafuna kulumikiza mawu ake kukhala chiganizo chimodzi, string-join imachita zimenezo. Saxon-HE ya Michael Kay, pulogalamu yodziwa XSLT 2.0, ndi yaulere, imangofuna Java.

Mlembi wa kalabu, Linthipe:
Zikomo nonse. Kompyuta ya kalabu ilibe Java, choncho ndatsata aphunzitsi. Komabe ndikaika node() m'malo mwa nyenyezi (*), gulu lililonse likumakhala ndi mfundo imodzi yokha.

Mphunzitsi wa kompyuta, Ntcheu:
N'chifukwa chakuti mipata ndi mizere yopanda kanthu pakati pa ma element imawerengedwa ngati text node, ndiye imakhala ndiyo yoyandikana nayo. Bwererani ku nyenyezi, kapena ikani xsl:strip-space elements="*" pamwamba pa stylesheet, koma musaike strip-space ngati mipatayo ili ndi tanthauzo m'malipoti anu.