Za foni yodula makilomita ija, zatheka

Anzanga, ndinafunsa kuno chifukwa chake foni yanga imalemba mtunda wochepa ndikathamanga cha ku Kanjala, mapu n'kumaonetsa mzere wowongoka ngati ndadutsa pamadenga a anthu. Amene munati ndione battery saver munalasa. Sikirini ikazima m'thumba, foni inkagoneka app yoyezera mtunda kuti isunge moto, GPS (yoloza pomwe muli kudzera pa masetilaiti) n'kuduka. Ikadzuka inkangolumikiza pomwe inagonera ndi pomwe yadzukira, makona onse a msewu n'kutayika. Ndalola app kugwira ntchito ngakhale sikirini itazima, ndipo ndimayamba ndaima pabwalo kaye kuti ipeze masetilaiti. Tsopano mzere ukutsata msewu bwinobwino.

Bandulo ya intaneti siyifunika pothamanga, GPS imangolandira kuchokera kumwamba. Intaneti ndi ya potumiza zotsatira mukafika kunyumba.

Za kuyeza kugunda kwa mtima ndagula lamba wa pachifuwa wa Bluetooth, wa salaula. Amamva magetsi a mtima enieniwo, pomwe wotchi imayeza ndi kuwala pamkono ndipo imachedwa pokwera phiri. Koma muzinyowetsa lambayo musanavale, makamaka m'mawa wa June thukuta lisanabwere, apo ayi manambala amalumphalumpha. Kodi alipo akudziwa kopeza batire yake, CR2032, muno mu Chipata?