Ngozi ikachitika, ndani amatitenga ife oyenda pa chikuku?

Wapachikuku:
Abale, ndithandizeni maganizo. Chivulalireni msana ndimayenda pa chikuku cha batire, ndipo galimoto yathu ili ndi pokwerera chikuku kumbuyo. Lachinayi usiku galimoto ina inatiomba. Mchemwali wanga amene amayendetsa sanavulale, inenso sindinamve kanthu, koma galimoto inafera pomwepo.

Apa ndiye panavuta. Wokoka galimoto anati sangaikoke ine ndili momo. A ambulansi anati atha kunditenga pa machira, koma malo a chikuku alibe. Apolisi anali aulemu, ndisaname, koma nzeru yawo inali yoti anthu awiri andinyamule n'kundiika m'galimoto yawo, chikuku chitsale. Chikuku changa chimalemera makilogalamu oposa 100, sichipindika, ndipo kuchisiya n'chimodzimodzi kusiya miyendo yanga pamsewu. Ndinakana. Tinakhala maola atatu pamphepo mpaka mnzanga wa galimoto ngati yathu atadzatitenga. Kodi si udindo wa apolisi kutipezera galimoto yonyamula munthu ndi chikuku chomwe?

Wapolisi wopuma:
Pepani kwambiri, mayi. Ndagwirapo zapamsewu zaka zambiri. Tikafika pangozi mutu umakhala pa ovulala, kutsegula msewu ndi kulemba lipoti. Manambala a okoka magalimoto tinkakhala nawo pamtima, koma ya galimoto yonyamula chikuku sindinakhalepo nayo ngakhale imodzi, ndipo lero ndikuchita nazo manyazi. Sizifuna ndalama zambiri ayi: ofesi yolandira mafoni ingokhala ndi mndandanda wa eni magalimoto otere amene angadzuke usiku. Musaiwale kuwauza alembe chikukucho mu lipoti ngati katundu amene anali m'ngozi, apo ayi a inshuwalansi adzakuvutani.

Namwino:
Achemwali, mawu oti "sindinamve kanthu" andidetsa nkhawa. Munthu wovulala msana fupa la mwendo litha kuthyoka iye osamva ululu, makamaka poti mafupa a miyendo yosayenda amafooka. Ngati munavulala pa fupa la msana lotchedwa T6, la cha kumbuyo kwa chifuwa, kapena pamwamba pake, thupi limalira mwanjira ina: mutu kuwawa koopsa, thukuta kumaso, BP kukwera mwadzidzidzi. Zimenezo si zodikira kuche. Pitani akakujambuleni. Muonetsetsenso khungu la pokhalira, maola atatu osasuntha ndi okwanira kuyambitsa chilonda. Ndipo munachita bwino kukana kunyamulidwa ndi anthu osaphunzira kanyamulidwe kake. Tsiku lina mukakakamizika kukwera ambulansi, khushoni ya pa chikuku chanu isatsale.

Bambo a mwana wachikuku:
Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la 2006, gawo 20, limati maboma aonetsetse kuti anthuwa akuyenda modziimira paokha. Lembani kalata kwa mkulu wa polisi ya dera lanu, mutchule gawo limeneli. Malamba anayi omangira chikuku m'galimoto aja musinthe, akakokedwa pangozi sadalirikanso ngakhale aoneke abwinobwino. Chikukunso akachione amisiri.

Wapachikuku:
Zikomo nonse. Anamwino, mwandiopsa ndithu, bondo lakumanzere latupa kuyambira dzulo ndipo ndimangoti ndi kuzizira kuja. Mawa m'mawa ndikupita kuchipatala. Kalata ija ndilemba ndikabwerako, ndipo bambo apolisi, ndikupemphani mudzaione ndisanaitumize, inu mukudziwa mawu amene anzanu amamva.