Ndinafunsa za batire, anandiseka pakhonde la sitolo. Ndinalakwa pati?

WaLuchenza:

Moni nonse amisiri anzanga. Pali nkhani yandikhala pamtima sabata yonseyi.

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimakhala ku Luchenza. Za magetsi ndinaphunzira pamanja kwa amalume, ndipo kuyambira chaka chatha ndimayika masola m'midzi ya kuno, mbali ya Thyolo ndi Mulanje. Mwezi watha ndinayikira bambo ena a golosale sola ya 150W, batire ya 100Ah, kontirola (kachipangizo kowongolera magetsi ochokera ku sola kulowa mu batire) ya 20A ndi invata (yosintha magetsi a batire kuti ayatse zinthu ngati TV) ya 1000W. Masabata awiri oyamba zonse zinali bwinobwino. Kenako anayamba kundiimbira tsiku ndi tsiku kuti ikangokwana 8 koloko usiku invata ikulira, TV nkuzima. Ndinapitako kawiri, ndinalimbitsa mawaya onse, ndinapukuta sola, koma palibe chinasintha.

Lachinayi bamboyo anandiuza kuti ngati sindikonza sabata ino, ndibweze ndalama zake. Tulo tinandithawa. Cha m'ma 10 koloko usiku ndinalembera madala ena odziwika bwino pa ntchitoyi kuno. Nambala yawo ndinaitenga kwa mnzanga. Ndinalemba chonchi: "Bwana batire ikutha msanga vuto ndi chani? Ndiyankheni mwachangu."

Sanayankhe. M'mawa mwake ndinapita kusitolo ya zipangizo, ndipo ndinawapeza atakhala pakhonde ndi amisiri ena anayi. Mnzanga uja anali pomwepo, anawauza kuti ndi uyu. Madalawo anatulutsa foni nkuwerenga uthenga wanga mokweza, akutsanzira mawu a mwana. Onse anafa ndi phwete. Kenako madalawo anati, "Inu ndi amene mukuipitsa dzina la ntchitoyi. Pitani mukaphunzire kaye." Ndinabwerera osagula chimene ndinapitira.

Timamva kuti safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa. Ndiye ndinalakwa pati? Komanso batire ija ikuthabe, ngati alipo wondithandiza.

Madala a Mawaya:

Aphwanga, pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Ine ndili ndi zaka zoposa 30 ndikugwira mawaya, ndiye ndikuuzani mosabisa mbali zonse ziwiri.

Mmisiri mnzanga amene anakusekaniyo analakwa. Kusayankha akanatha, foni ndi yake. Koma kutenga funso la mwana nkukalisandutsa sewero pagulu, zimenezo ndi zochititsa manyazi iye mwini.

Tsono uthenga wanu nawo, tiyeni tiuwone. Munthu sakudziwani. Mwamulembera usiku atagona, opanda moni, osanena kuti ndinu ndani, nambala mwaipeza kuti. Mwamaliza ndi kumulamula kuti afulumire. Kwathu kuno ngakhale ukapita kukapempha moto kwa aneba umayamba ndi odi. Foni siinachotse mwambo umenewu.

Chachikulu kuposa moni ndi ichi: funso lanu mulibe chogwira. "Batire ikutha msanga" ndi mawu a kasitomala. Mmisiri amabwera ndi manambala. Mukanandilembera ine, ndikanafuna kudziwa kukula kwa sola, batire ndi ya mtundu wanji, ya sola yeniyeni kapena ya galimoto, waya wochokera padenga ndi wonenepa bwanji ndipo ndi wautali mamita angati, m'nyumbamo alumikizamo chiyani ndi chiyani. Koposa zonse, mita yoyezera magetsi ikuti chiyani. Yezani batire masana dzuwa lili pamutu, iyenera kukwera kupitirira 13V, mpaka cha m'ma 14V ikamadzaza. Muyezenso dzuwa litalowa, invata itazimitsidwa, batire itapuma kanthawi. Yodzaza imaonetsa 12.6V kapena 12.7V. Ikakhala cha pa 12.1V ndiye kuti yafika kale pa theka usiku usanayambe.

Masamu ake ndi awa. Batire ya 100Ah pa 12V ndi 1200Wh, koma ya asidi sitiitsitsa kupyola theka ngati tikufuna ikhalitse, ndiye yanuyanu ndi 600Wh. Sola ya 150W pa tsiku la dzuwa labwino, mutachotsera zotayika m'mawaya ndi mu kontirola, ikupatsani cha m'ma 500Wh. Kwanuko nyengo ino chiperoni chikakuta masiku atatu, ngakhale theka la imeneyo siikwana. TV, dekoda ndi mababu anayi sizingamalize batire yodzaza pofika 8 koloko. Ndiye mwina batire sikudzaza masana, kapena pali chinthu chikuidya chimene simunachione. Pitani mukayeze, mubwere ndi manambala.

NaBanda wa Sola:

Madala, za manambala mwanena zoona, ndipo zikomo kuti mwamuyankha mwanayu mpaka masamu. Koma ine ndikufuna ndikhazikike pa kusekako, chifukwa ndinadutsamo ndipo ndikudziwa mtengo wake.

Pamene ndimayamba, pa kontilakiti ina tinalipo anthu asanu ndi awiri, mkazi ndinali ndekha. Tsiku loyamba ndinafunsa chifukwa chake timayika fyuzi pafupi ndi batire osati pafupi ndi invata. Mkulu wa ntchito anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nkuti, "Mayi, mafunso a kukhitchini asiyeni kunyumba." Anyamata anaseka. Kuyambira pomwepo ndinatseka pakamwa. Ndikaona chinthu chosamvetsa ndinkangogwedeza mutu.

Patapita miyezi iwiri ndinapeza ntchito yangayanga, kwa agogo ena amene mwana wawo anawatumizira zipangizo. Ndinakwera padenga, ndinatsitsa mawaya a sola nkuwalumikiza ku kontirola batire isanalumikizidwe. Sindinkadziwa kuti batire ndiyo imayamba, kuti kontirola izindikire ngati ili pa 12V kapena 24V, sola nkubwera pambuyo. Ndikukumbukira kafungo ka pulasitiki yopsa ndi agogo aja ataima pakhomo ndi kapu ya thobwa imene anandikonzera. Ndinagula kontirola ina ndi ndalama yanga ya lendi. Funso limenelo ndinali nalo m'mutu kwa masabata, yankho lake ndi mawu anayi okha, koma ndinaopa kusekedwa.

Ndiye amisiri akuluakulu mudziwe kuti mukamunyoza wophunzira, ntchito saisiya. Mawa apitabe kukayika sola kwa munthu, chifukwa ayenera kudya. Chimene wasiya ndi kufunsa basi. Amene apwetekeke ndi agogo ngati aja, ndipo nyumba ikapsa anthu adzati amagetsi onse ndi akuba.

Chinanso, tisamaweruze munthu ndi kalembedwe. Ena sukulu analekeza Sitandade 8, ena Chichewa si chiyankhulo chakwawo, amayankhula Chilomwe, Chiyao kapena Chitumbuka kunyumba. Uthenga ukabwera wouma, nthawi zambiri ndi mantha ndi mayunitsi ochepa. Mwanayu analemba 10 koloko usiku kasitomala atamuopseza. Kumuyankha kuti "Ndinu ndani? Tumizani kukula kwa batire ndi zimene mita ikuonetsa" sikukanatenga ngakhale mphindi imodzi.

Wa ku Joni:

Mlongo wanga NaBanda, sindikukutsutsani, koma tiyankhulireko ife ofunsidwa.

Ine ndili ku Johannesburg, ndimayika masola kuyambira nthawi imene magetsi ankazimazima kwambiri kuno. Nambala yanga inafalikira kumudzi, ndiye pa sabata sindilephera kulandira mafunso. Wina amangofulasha kuti ndimuimbire ine. Wina amatumiza mawu ojambula a mphindi zisanu ndi chimodzi, tambala akulira kumbuyo, nkhani ya batire ili kumapeto. Wina chithunzi chojambulidwa mumdima, mawaya onse akuoneka akuda. Zonsezi ndimapirira, chifukwa inenso ndinachokera komweko.

Chimene chimandipweteka ndi kusowa. Mnyamata wina ndinakhala naye pafoni madzulo awiri, nditatopa ndi ntchito, kumuwerengera sisitimu ya kachipatala kakang'ono. Atapeza zimene amafuna anangoti zii. Sindinamve ngati zinatheka, ngati zinapsa, ngakhale zikomo. Patatha miyezi inayi anatulukiranso ndi funso lina, osatchula n'komwe za kale zija. Ukakumana ndi oterewa khumi, wa khumi ndi chimodzi umamulandira ndi mtima wouma ngakhale iye sanakulakwire. Sindikuti ndi zabwino, koma ndi mmene mtima umaumira.

Ndiye mphwanga wa ku Luchenza, pempho langa ndi limodzi. Ukapeza vuto, bwera udzatiuze. Ifenso timaphunzirapo.

Madala a Mawaya:

Ndiwonjezere pang'ono. Pali mafunso ena amene ine ndimakana kuyankha pafoni, ndipo wokanidwa asamaone ngati ndikumunyoza. Za 12V ndingakuthandizeni muli kutali. Koma mukandifunsa mmene mungalumikizire invata ku mawaya a nyumba yomwe ili ndi magetsi a ESCOM, apo ndi 230V, pamafa munthu, ndipo ntchito imeneyo imafuna wa chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi. Ndidzakuuzani kuti pezani mmisiri wa chilolezo mupite naye limodzi, muone ndi maso.

WaLuchenza:

Ndabwera, monga achimwene a ku Joni anapempha. Zikomo nonse, makamaka inu madala pa masamu aja, ndawakopera m'kabuku kanga. Za moni ndi za kulamula ndamva. Nditauwerenganso uthenga uja ndaona kuti unalidi wouma.

Dzulo ndinafika kwa bambo aja 11 koloko ndi mita. Dzuwa linalipo, koma batire imaonetsa 12.3V yokha, osakwera. Ndinazimitsa invata, pang'onopang'ono inayamba kukwera mpaka 13.4V. Apo ndinadziwa kuti chilipo chikudya masana. Ndinatsata waya wa ekisitenshoni wodutsa pansi pa chitseko, unandifikitsa kuchipinda cha kuseri. Ndinapeza kafiriji kodzaza ndi mafirizesi. Mayi a m'nyumbamo anakabwereka kwa achimwene awo patatha masabata awiri ndiyikireni sola, ndipo amakayatsa m'mawa mpaka madzulo. Bambo aja sanandiuze chifukwa ankaganiza kuti masana magetsi ndi aulere, dzuwa likadalipo. Ine sindinafunsenso kuti awonjezera chiyani, maulendo awiri onse aja ndinkangoyang'ana mawaya.

Tinakhala pansi ndinawalembera masamu papepala. Tinazimitsa kafiriji kuyambira masana, usiku TV inafika 10 koloko invata osalira. Akuti asonkhanitsa ndalama ya sola yachiwiri ndi batire ina, ndipo za kubweza ndalama sanazitchulenso. Batire ilipoyi ndi N100 ya galimoto, anagula okha, ndawauza kuti yotsatirayo tigule ya sola.

Madala a kuno aja ndakumana nawo m'mawa uno pa depoti. Ndinawapatsa moni, anayankha. Za Lachisanu lija sitinakambe. Mayi NaBanda, funso lanu la fyuzi lija inenso sindidziwa yankho lake. Chonde ndiuzeniko, chifukwa sabata yamawa ndili ndi ntchito ina ku Bvumbwe.