Kodi "madzi saiwala khwawa" ndi chenjezo kapena nthabwala?

Akuluakulu odziwa Chichewa chakuya, ndabwera ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kwa nthawi ndithu, ndipo likukhudza mwambi uja wakuti "madzi saiwala khwawa." Mwambiwu ndimauwerenga pafupifupi sabata iliyonse pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, koma kawirikawiri umalembedwa pansi pa nkhani ya mtundu umodzi wokha: mwamuna ndi mkazi amene anasiyana motukwanizana, aliyense n'kulumbira kuti sadzapondanso pakhomo pa mnzake, ndiye patapita miyezi ingapo wina wawajambula atakhala mpando umodzi m'minibasi ya ku Limbe. Anthu amathirapo ndemanga akuseka, moti mphwanga amene ali ku sekondale amakhulupirira kuti tanthauzo lake ndi lomwelo basi, lakuti chibwenzi chakale sichitheratu.

Ine sindinaumve motero poyamba. Agogo anga aakazi, kwathu ku Ntcheu, ankaunena nkhope ili gwaa. Chaka china atsibweni anafuna kumanga khola la mbuzi kuseri kwa nkhokwe, pamalo otsetsereka pamene panali mchenga woyera ndi timiyala tosalala, ndipo panali patapita zaka zambiri madzi osadutsapo. Agogo anawerama, anatola kamwala kamodzi, n'kuwafunsa atsibweniwo kuti anakasalaza chonchi ndani. Atsibweni atasowa choyankha, agogo anangotchula mwambiwo n'kubwerera kumtondo kwawo, ndipo kholalo linakamangidwa kumtunda.

Funso langa loyamba lagona pa liwu lakuti khwawa, limene m'tauni muno silikumvekanso pakamwa pa ana. Mmene ndimadziwira ine, khwawa si mtsinje, pakuti mtsinje umakhala ndi madzi ngakhale m'chilimwe. Si dambo, pakuti dambo ndi lathyathyathya ndi lachinyontho, kumene timalima madimba. Komanso si ngalande, chifukwa ngalande amakumba ndi anthu. Khwawa ndi njira imene madzi anadzikumbira okha pakati pa zitunda, imene m'mwezi wa Okutobala imauma mpaka ana kumaseweramo ndi mbuzi kumagonamo. Ngati ndalondola, ndiye kuti mphamvu yonse ya mwambiwu ili pa kuumako: malo ooneka ngati alibe mwini, chonsecho mwini wake wangochokapo chabe. Komabe mnzanga wina wa kuntchito, wochokera ku Kasungu, akuumirira kuti khwawa ndi chigwa chilichonse, chokhala ndi madzi kapena ayi. Ndikufuna kumva mmene liwuli limagwirira ntchito m'maboma ena, ngakhalenso ku Chipata ndi ku Angonia.

Chimene chinandibwezera ku mwambiwu ndi namondwe wa Freddy, amene anayambira kufupi ndi Australia mu February 2023, n'kuwoloka nyanja yonse ya India mpaka kudzatipeza kuno kummwera m'mwezi wa Marichi. Ndimakhala mu Blantyre, ndipo patatha masiku ochepa ndinapita ku Chilobwe kukazonda wachibale. Kuchokera m'phiri la Soche munali mutatsetsereka matope, zitsa ndi miyala ikuluikulu yoposa galimoto, ndipo pamene panali nyumba panangotsala kanjira kofiira kotambalala, kolunjika kumunsi ngati kuti wina anachita kukayeza ndi chingwe. Pambali pake panali poto wopindika ndi nsapato imodzi ya mwana wasukulu. Dziko linalira maliro masiku 14. Mayi wina wachikulire amene ndinaima naye pamenepo anandiuza kuti ali mtsikana, nyumba zisanakwere phiri ndiponso mitengo isanathe ndi nkhuni ndi makala, pamalo omwewo pankadutsa madzi dzinja lililonse.

Machenjezo anali atabwera ndithu, pa wailesi ndi pa mafoni, kuchokera kwa akatswiri a zanyengo. Koma foni imakuuzani kuti kugwa mvula yamphamvu m'chigawo chakummwera; siikuuzani kuti chipinda chimene mwagonekamo ana chili pakati pa khwawa. Nzeru imeneyo inali ndi anthu onga agogo anga, amene ankadziwa kuwerenga mchenga ndi miyala, pamene m'tauni malo amagulitsidwa m'chilimwe kwa mlendo amene sanaonepo phirilo likulavula madzi. Sindikudzudzula omanga m'makwawa, chifukwa amene lendi yamufinya sasankha pogona, ndipo a ku Mtandire mu Lilongwe, amene mtsinje wa Lingadzi unawalowera m'nyumba mu 2017, angachitire umboni zomwezo.

Funso lachiwiri ndi lakuti tanthauzo lenileni la makolo ndi liti, pakuti ndamva matanthauzo enanso awiri. Pa maliro a mnyamata wina amene thupi lake linachokera ku Johannesburg, mkulu woyankhula m'malo mwa banja anagwiritsa ntchito mwambiwu potonthoza anamfedwa, kutanthauza kuti munthu angapite kutali chotani, mapeto ake amabwerera kwawo. Ndamvanso amayi akuunena monyogodola za bambo amene anasiya mowa kwa zaka zitatu kenaka n'kuyambiranso, kusonyeza kuti khalidwe lozika mizu silichoka msanga. Tanthauzo lachiwirili ndi limene likuyandikana ndi nthabwala za pa Facebook zija, ndipo mwina achinyamata sanalakwitse kwenikweni, angoupanikiza mwambi waukulu m'kachipinda kakang'ono.

Ine mtima wanga ukupendekera ku chenjezo. Madzi obwerera m'khwawa sabwera mwaulemu ngati mwana wobwera kudzaona makolo. Amabwera usiku, ndi mkokomo, n'kukokolola chilichonse chimene achipeza panjira yawo. N'chifukwa chake kumasulira kwa pamaliro kuja, ngakhale kunatigwira mtima, ndikukukayikira kuti kungakhale koyambirira.

Choncho ndikupempha inu amene munakulira pafupi ndi ankhoswe, anamkungwi ndi mafumu kuti mundiuze malo amene munaumvapo mwambiwu ukunenedwa ndi akulu enieni. Kodi unkanenedwa pabwalo la milandu pokamba za malire a minda, pa ulangizi wa banja latsopano, kapena posankha malo omangapo nyumba? Ndipo amene ankauzidwayo ankayenera kuchitapo chiyani akaumva?