Kodi "mingoli" ndi nyimbo za chisangalalo zokha?

Abale anga, ndithandizeni. Kuno kwa Santhe ku Kasungu tikukonza chikondwerero cha Khirisimasi, ndipo pa kalata yoitanira anthu ndalemba kuti kudzakhala mingoli. Amalume akana. Akuti mngoli ndi chida choimbira, osati nyimbo, ndiye chimtali cha amayi ndi mganda wa anyamata sizingalowe m'mawu amenewa. Komatu pa wailesi ndimamva akunena mingoli pa nyimbo iliyonse yovinitsa, ngakhale ya gitala.

Ine ndikamva mawuwa maganizo amathamangira ku ukwati, nthungululu zili pakamwa, anthu akufupa. Kodi nyimbo ya pamaliro ingatchedwe mingoli? Nanga za kwaya zokondwerera kubadwa kwa Yesu? Akuluakulu a ku Kasungu ndi Mchinji, kwanuko mumati bwanji? Kalatayo tisindikiza Loweruka lino.